PHUNZIRO: KAYESEDWE KA AMPULIFAYA YAKALE MUNTHU ASANAIGULE

Ampulifaya ndi makina amene amalandira mawu ofooka ochokera ku wailesi, ku foni kapena ku choimbira nyimbo china, ndi kuwapatsa mphamvu yokwanira kugwedeza masipika. Pakuti yatsopano yabwino mtengo wake ngwokwera, anthu ambiri amagula yogwirapo kale ntchito, yobwera pamodzi ndi katundu wina wa kaunjika kuchokera ku Britain, ku Japan kapena ku South Africa. Zina mwa izo nzolimba ndithu, zoposa zatsopano zotchipa. Koma zina nzija akulu adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Wogula mosayesa angataye zinthu zitatu: ndalama zake, masipika ake, ngakhale moyo wake umene, pakuti m'makinawa muli magetsi okwanira kupha munthu.

1. Za m'kati mwa makinawa

Magetsi a m'nyumba za ku Malawi ndi a ma volt 230, ndipo amapita uku ndi uku ka 50 pa sekondi. Dzina lake ndi AC. Magetsi oyenda njira imodzi, monga a m'batire, ndiwo DC. M'ampulifaya muli ziwalo zinayi zazikulu. Thiransifoma imatsitsa ma volt a kukhoma. Madayodi amasandutsa AC kukhala DC. Makapasita aakulu, ooneka ngati zitini zazing'ono, amasunga magetsiwo ndi kuwasalaza, monga dziwe lisunga madzi a mvula. Potsiriza pali mathiranzisita, omangiriridwa pa chitsulo cha zipsepse chotaya kutentha, amene amatapa magetsi osungidwawo ndi kuwatumiza ku sipika motsata kayendedwe ka nyimbo.

Kale ntchito yotsirizayi inkagwiridwa ndi mavalavu agalasi. Thiranzisita idatulukiridwa mu 1947 ku Bell Laboratories, ku America, ndipo m'zaka za m'ma 1960 idayamba kulanda malo a mavalavu m'makina a m'nyumba. Chitsanzo chodziwika ndi Quad 303, imene kampani ya Peter Walker idayamba kupanga ku Huntingdon, ku England, mu 1967, ndi kuileka mu 1985. Imapereka ma watt 45 mbali iliyonse pa sipika ya ma ohm 8. Zambiri zikuimbabe lero, ngakhale kuti yotsiriza kupangidwa yatha zaka 40. Tsono ukalamba pa wokha sutsutsa makina. Chofunika ndi kudziwa chiwalo chimene chimayamba kukalamba.

Chiwalo chimenecho ndi kapasita. M'kati mwake muli timadzi timene timauma pang'onopang'ono, ndipo kutentha kumafulumiza kuumako. Lamulo la amisiri ndi ili: kutentha kukatsika ndi madigiri 10, moyo wa kapasita umawirikiza kawiri. Kapasita yolonjezedwa maola 2,000 pa madigiri 85 ingathe maola 16,000 pa madigiri 55, ndi maola 32,000 pa madigiri 45. Kwa munthu woimba maola 4 pa tsiku, kumeneko ndi kusiyana kwa zaka 11 ndi zaka 22. Chifukwa chake makina amene adakhala m'kabati yopanda mpweya amakalamba msanga koposa anzake a chaka chomwecho.

2. Kuyesa ndi maso ndi mphuno

Wogula asafulumire kulowetsa pulagi kukhoma. Ayambe ndi kuwerenga zolembedwa pafupi ndi polowera waya wa magetsi. Pakalembedwa 220 V, 230 V kapena 240 V, makinawo ngoyenera magetsi a kuno. Pakalembedwa 100 V, adapangidwira dziko la Japan. Pakalembedwa 120 V, adapangidwira America. Otere akalandira ma volt 230 amapsa nthawi yomweyo, pokhapokha pakhale thiransifoma ina yotsitsa ma volt pakati pa iwo ndi khoma. Ena, monga Quad 303 yomwe ija, ali ndi kachotembenuza kosankhira ma volt; wogula aone pamene kaloza.

Kenaka atulutse fyuzi ndi kulinganiza nambala yake ndi yolembedwa pa makinawo. Pamene padalembedwa 2 A pakapezeka ya 13 A, kapena yokulungidwa ndi waya, ndiye kuti fyuzi yoyenera inkangopsa, ndipo mwini wake adatseka pakamwa pa mlonda m'malo mofufuza mbala. Ichi ndi chizindikiro choipa kwambiri.

Ayang'anenso waya wa magetsi ngati ngwosweka kapena wolumikiza ndi tepi. Pulagi ikakhala ndi mawaya atatu, mita ionetse zochepera ohm 1 pakati pa dzino lalitali la pulagi ndi chitsulo cha bokosi, pakuti waya wachitatuwo ndiwo umateteza munthu magetsi akathawira ku bokosi. Makina ena ali ndi mawaya awiri okha mwa chipangidwe chawo. Amazindikirika ndi kachithunzi ka bokosi laling'ono m'kati mwa bokosi lina.

Mphuno nayo ili ndi ntchito yake. Fungo la vanishi wopserera pa timazenera ta mpweya limaulula thiransifoma imene idatentha mopitirira. Zomangira zokumbika mitu zimaulula kuti bokosi lidatsegulidwa kambiri. Wogulitsa akalola, chivundikiro chichotsedwe pulagi ili kunja kwa khoma, koma manja asalowemo, pakuti makapasita aakulu amasunga magetsi ngakhale makina atazimitsidwa. Kapasita yabwino mutu wake ngwathyathyathya. Yotupa, kapena yodontha zoyera kapena zofiirira pansi pake, yatha. Malo akuda pa bolodi amasonyeza pamene padapsa. Dzimbiri limasonyeza chinyezi, ndipo zitosi za mphemvu ndi mkodzo wa makoswe zimadya timisewu ta mkuwa ta pa bolodi.

3. Kuyatsa koyamba

Makina amene akhala zaka osayatsidwa ayenera kudzutsidwa mosamala. Amisiri ali ndi njira yotchipa: amalumikiza babu lakale la kawaya koyaka, la ma watt 60 kapena 100, pa waya wamoto, kotero kuti magetsi onse opita ku ampulifaya ayambe adutsa m'babulo. Babu la LED siligwira ntchito imeneyi. Makina a thiransifoma yolemera akakhala abwino, babu limawala kamphindi pamene makapasita alikudzaza, kenaka limazilala. Likangowalabe kwambiri, m'kati muli chiwalo chimene chikumwa magetsi mopitirira muyeso, kawirikawiri thiranzisita yopsa kapena kapasita yoboola, ndipo makinawo azimitsidwe msanga. Babu likatero lapulumutsa ziwalo zina zimene zikadapsa. Chida ichi chikonzedwe ndi munthu wodziwa za magetsi.

Pa kuyatsa koyambaku masipika abwino asalumikizidwe. Koma ampulifaya ya mavalavu ili ndi lamulo lake: isaimbitsidwe konse popanda sipika, chifukwa thiransifoma yake ya mawu ingawonongeke. M'kati mwake mumakhala ma volt 300 mpaka 500, ndipo wosaphunzira ntchitoyi asaitsegule.

4. Kuyeza DC potulukira mawu

Muyeso uwu ngwofunika koposa yonse, ndipo umatheka ndi mita wamba ya amisiri. Nyimbo imafika ku sipika ngati AC. Pamene palibe nyimbo, pa timabowo tolumikizira sipika sipayenera kukhala magetsi. Thiranzisita yaikulu ikapsa, DC yonse ya m'makapasita imathamangira ku sipika. Kawaya kozungulira ka m'sipika ya ma ohm 8 kamaonetsa pafupifupi ma ohm 6 pa mita. Ma volt 40 a DC pa ma ohm 6 amabala kutentha koposa ma watt 250, ndipo kawayako kamapsa m'masekondi owerengeka.

Kayezedwe kake nkotere. Makina ayake mphindi 10, popanda nyimbo, voliyumu ili pansi. Mita iikidwe pa DC, pa muyeso wa ma millivolt, nsonga yofiira pa kabowo kofiira ndi yakuda pa kakuda. Mbali ya kumanzere payokha, ya kumanja payokha. Zochepera ma millivolt 50 zili bwino. Zopitirira 100 zimafuna mmisiri. Volt yathunthu kapena kuposa ndi ngozi, ndipo sipika isayandikire.

Pano kusiyana kwa mapangidwe kuyenera kudziwika. Quad 303, ndi ena ambiri a m'zaka za m'ma 1960, ali ndi kapasita pakati pa mathiranzisita ndi sipika, yotsekereza DC. Otere angaonetse ma volt osokoneza mutu poyezedwa opanda katundu. Muyeso woona umapezeka sipika yachabe ikalumikizidwa. Quad 405, imene idatuluka mu 1975 ndi ma watt 100 mbali iliyonse, ilibe kapasita yotere, monganso makina ambiri opangidwa pambuyo pake. Ambiri mwa awa amateteza masipika ndi relay, kaswichi kodzitsegukira kamene kamamveka "tha" patapita masekondi ochepa makina atayatsidwa. Pa makina okhala ndi relay, kulira kumeneko kukasowa, kawirikawiri chitetezo chaona vuto ndipo chakana kulumikiza masipika.

5. Kuyesa ndi makutu ndi dzanja

DC ikapezeka yochepa, alumikize masipika otchipa. Makina ambiri okuza mphamvu okha alibe voliyumu. Tsono voliyumu ya chopereka nyimbo iyambe yatsitsidwa kotheratu. Nyimbo isanayambe, aike khutu pafupi ndi sipika. Kamphepo kakang'ono kosamveka patali sikadetsa nkhawa. Kung'ung'udza kosalekeza ndiko kufunika kufufuza: kukatha pochotsa mawaya olowetsa nyimbo, vuto lili ku mawayawo, kukatsalira, makamaka kolira mwaukali ka 100 pa sekondi, makapasita aakulu afooka.

Kenaka aimbe nyimbo imene aidziwa bwino, makamaka ya mawu a munthu mmodzi kapena gitala imodzi, pakuti ng'oma zambiri zimabisa zilema. Amvere mbali imodzi payokha. Mbali imodzi ikakhala yofooka kapena yosasa, asinthanitse mawaya olowetsa nyimbo: chilema chikasamukira mbali ina, ampulifaya ilibe mlandu, chikakhala pomwepo, asinthanitsenso masipika, ndipo chikakanirira ku mbali yomweyo ya makina, mlandu ngwa ampulifaya. Mawu odukaduka pa voliyumu yotsika, amene amabwerera voliyumu ikakwezedwa, amachokera kawirikawiri ku relay kapena swichi ya litsiro. Agogodenso bokosi pang'ono ndi chala. Mawu akathetheka, zowotcherera za pa bolodi zasweka.

Kuona maso a nkhono nkudekha. Zilema zambiri zimabisala makina akali ozizira, ndipo wogulitsa woimba nyimbo imodzi ndi kuzimitsa sadaonetse kanthu. Makina aimbe ola lathunthu. Pambuyo pake dzanja likhudze chitsulo cha zipsepse kunja kwa bokosi. Mbali zonse ziwiri zikhale zofunda mofanana. Mbali imodzi yotentha pamene inzake njozizira, kapena kutentha kosapiririka ku dzanja pa voliyumu yotsika, kumasonyeza kuti mathiranzisita alikumwa magetsi ochuluka ali chikhalire. Makina olembedwa Class A okha ndiwo amatentha chotero mwa chipangidwe chawo.

6. Za ma watt ndi ma ohm

Manambala aakulu a pa bokosi asanyenge munthu. Muyeso wokhulupirika ndi wa RMS, wa mphamvu yosalekeza, wotchula ndi ma ohm ake omwe. Wa PMPO ngwokopera ogula chabe. Makina sangapereke kwa nthawi yaitali mphamvu yoposa imene amatenga kukhoma. Olembedwa ma watt 2,000 kutsogolo, okhala ndi fyuzi ya 1 A kumbuyo, adzitsutsa okha, pakuti 1 A pa ma volt 230 ndi ma watt 230 basi. Mmisiri wokhala ndi zida amatha kuyeza mphamvu yeniyeni: amachulukitsa ma volt a AC ndi iwo okha, nagawa ndi ma ohm. Ma volt 20 pa ma ohm 8 ndi ma watt 50. Quad 303 yamoyo iyenera kufika pafupi ndi ma volt 19 mawu asanayambe kusasa. Ndiponso kuwirikiza ma watt kawiri kumakweza mawu pang'ono chabe. Kuti khutu limve ngati mawu awirikiza, mphamvu iyenera kukwera pafupifupi ka 10.

Masipika awiri a ma ohm 8 olumikizidwa pa timabowo timodzi amakhala ma ohm 4. Anayi amakhala ma ohm 2, katundu amene ampulifaya ya m'nyumba singasenze. Akuluampingo ndi aphunzitsi ofuna makina a m'tchalitchi kapena a m'holo akumbukire ichi, pakuti ya m'nyumba idapangidwira masipika awiri m'chipinda chimodzi, ndipo ilibe polowetsera maikolofoni popanda chida china patsogolo pake.

7. Kugamula

Zilema zili m'magulu atatu. Zazing'ono ndi fumbi, swichi ya litsiro, nyali yakufa ndi waya wotha. Zimatsitsa mtengo pang'ono. Zapakati ndi makapasita otha, relay yotha ndi DC yokwererapo; zimakonzeka, koma wogula ayambe wafunsa mmisiri mtengo wa ziwalo ndi ntchito, nauchotse pa mtengo wa makinawo. Zazikulu ndi thiransifoma yopsa, bolodi yopserera kapena yodyeka, ndi mathiranzisita akupsa a mtundu wosapezekanso. Otere asiyidwe, ngakhale mtengo utatsika chotani. Wogulitsa afunsidwe chifukwa chimene akugulitsira, amene adakonzapo makinawo, ndiponso ngati alola kuti abwezedwe pakapita masiku awiri kapena atatu. Wokana kuti ayesedwe wayankha kale funso lalikulu.

Makina akagulidwa, aikidwe pa malo opita mphepo, opanda nsalu pamwamba. Azimitsidwe polumikiza kapena pochotsa mawaya. Pulagi ichotsedwe magetsi akathima, kufikira atabwera ndi kukhazikika, ndiponso nthawi ya mphenzi.

Mafunso obwereza

1. Kodi chiwalo chimene chimayamba kukalamba m'ampulifaya nchiti, ndipo chimafulumizitsa ukalambawo nchiyani?
2. Makina olembedwa 100 V adapangidwira dziko liti, ndipo pafunika chiyani kuti agwire ntchito kuno?
3. Babu likangowalabe pa kuyatsa koyamba, latanthauza chiyani?
4. Mita ikaonetsa ma volt 3 a DC pa timabowo ta sipika, wogula achite chiyani?
5. Masipika anayi a ma ohm 8 pa timabowo timodzi amakhala ma ohm angati?