Switch 2 ya ku Japan ndi yotchipa, ndiitanitse?

FUNSO: Mlamu wanga akuphunzira ku Japan ndipo abwera pa Khrisimasi. Akuti Nintendo Switch 2 kumeneko inatuluka pa 49,980 yen, pomwe ku America inatuluka pa madola 449.99. Mwana wanga wandilirira kokwanira. Ndimutume mlamuyo? Intaneti kunyumba timagwiritsa ya pafoni, koma imeneyo si nkhani. Bambo wa ku Zomba

YANKHO: Bambo, chitulukireni makinawa pa 5 June 2025, makalata onga anuwa sakutha, ndipo aliyense maso ali pa mtengo basi. Ine ndaima pa chiganizo chanu chomalizacho. Intanetiyo ndiye nkhani yake.

Mlamu wanu akafika m'sitolo angakopeke ndi bokosi lomwe amati lili ndi gemu ya Mario Kart World, ngati lilipobe. Ku America linatuluka pa madola 499.99, pomwe gemuyo payokha inali 79.99, ndiye limaoneka ngati mwayi. Koma m'bokosimo mulibe kakhadi ka gemu. Muli nambala yoti mukatsitsire gemuyo pa intaneti, ndipo imapitirira ma GB 20. Werengani nokha mabandulo angati atherepo, mwana atakhala pambali panu akudikira.

Choipa kwambiri ndi zomwe akuzitcha game-key card. Mumagula kakhadi m'bokosi lokongola, koma m'kati mulibe gemu, ndi kiyi chabe: gemu yonse muyenera kuitsitsabe. Zimalembedwa m'munsi mwa bokosi, kutsogolo. Ine njira imeneyi imandinyansa, chifukwa amene anaiganiza sanaganizire munthu wogula intaneti ya tsiku limodzi.

Tsono mtengo mwaukondawo. Makina a 49,980 yen anapangira anthu a ku Japan: amalankhula Chijapanizi chokha, ndipo amangolola akaunti ya Nintendo yolembetsedwa ku Japan. A zinenero zambiri anatuluka pa 69,980 yen, ndipo ankagulitsidwa pa sitolo ya Nintendo yeniyeniyo. Bambo wina anandibweretsera makina otchipawa, akuti ndiwasinthire chinenero. Mwana wawo, wa sitandade 5, anali atatha masabata akuloza kamera ya foni pa sikirini kuti imutanthauzire mawu. Nditawauza kuti palibe chomwe ndingachite, mwanayo ndiye anayamba kupepesa bambo ake, ngati wolakwa ndi iye. Zinandiwawa.

Chinanso: m'makinamo muli malo a 256 GB. Akadzaza, memori khadi wamba ya m'foni siisunga magemu ake. Amafuna ya mtundu wa microSD Express, yomwe ndi yodula, ndipo musayembekezere kuipeza pa benchi ya mumsika.

Ngati mwatsimikiza, mlamu wanu agule makina a zinenero zambiri opanda gemu, kenako Mario Kart World ya pakakhadi payokha, ndi microSD Express imodzi. Asunge malisiti, chifukwa a kasitomu pabwalo la ndege angawafune. Ndipo tsiku loyamba makinawo adzafunabe intaneti kuti adzikonze, choncho kawayatsireni komwe kuli Wi-Fi.