Phunziro la Mwezi Uno: Kusankha Magudumu a Njinga Mosawononga Ndalama

M'mwezi wa Ogasiti, masau atayamba kuuma pamphasa, tinachezeredwa ndi m'modzi wa anzathu amene anamaliza maphunziro pano zaka zingapo zapitazo. Amachokera ku Lusaka, ndipo ananyamula zinthu ziwiri zimene zinatikhalitsa pamthunzi mpaka dzuwa kupendeka. Choyamba chinali botolo la vinyo wofiira limene anagulira ukwati wa mlongo wake. Chachiwiri chinali gudumu la njinga limene anapeza kwa ogulitsa katundu wa salaula, lonyezimira, lopepuka moti mwana akhoza kulinyamula ndi chala chimodzi.

Macheza anayambira pa botolo. Wophunzira wina anafunsa chimene chimafiiritsa vinyoyo, ndipo tinafotokoza kuti madzi a mphesa zambiri safiira; mtundu wake umachokera ku makoko a mphesazo, amene amasiyidwa momwemo pamene vinyo akusasa. Wina anafunsa chifukwa chake sitibzala mphesa za vinyo m'mbali mwa Zambezi muno, pamene madzi tili nawo. Tinayankha kuti mphesa zotere zimakonda nyengo yozizirirapo, monga ya ku Stellenbosch, kufupi ndi Cape Town, kumene mvula imagwa m'miyezi yachisanu. Ngakhale kumeneko anthu anafunafuna mbewu yoyenera dera lawo: m'zaka za m'ma 1920 mphunzitsi wina wa pa yunivesite ya Stellenbosch, Abraham Perold, anakwatitsa mitundu iwiri ya mphesa, n'kupeza mtundu umene lero umatchedwa Pinotage. Agogo ena amene amatithandiza kudimba anaseka, nati: "Ndiye musiyeni wa ku Cape adye mphesa zake. Ife masau athu amabereka popanda wowathirira."

Botolo silinatsegulidwe, poti linali la ukwati. Koma mawu a agogowo anagwiranso ntchito pamene tinatembenukira ku gudumu lija. Titayesa kuliika pa njinga ya mnzathuyo, mabuleki sanaligwire. Tayala lake lakale, lolembedwa 28, linali lalikulu kuposa limu ya gudumu latsopanolo, imene wogulitsa ananenanso kuti ndi 28. Pampu ya pasukulu pano inakana kulowa pa vavu yake. Ndalama zinali zitapita kale, ndipo Lusaka ndi kutali.

Phunziro lathu lagona pamenepa. Gudumu lotsika mtengo ndi limene likugwirizana ndi njira zathu, likusenza katundu wathu, ndipo likhoza kukonzedwa ndi zipangizo zopezeka pa Boma la Luangwa. Mtengo wolipira tsiku logula ndi gawo laling'ono chabe la nkhaniyi.

Ntchito imene gudumu limagwira kuno

Gudumu la mnzathuyo silinali loipa. Linapangidwira njinga zampikisano, zothamanga pa msewu wa tala wosalala, zitanyamula munthu m'modzi wopanda katundu. N'chifukwa chake linali ndi masipoko 20 okha ndi tayala lopyapyala la mamilimita 25. Pa msewu wochokera pa Boma kukafika ku mlatho wa Luangwa likhoza kuuluka ndithu. Koma mlimi wa ku Kavalamanja amayenda m'miyala, m'mchenga ndi m'makwawa, pansi pali minga ya masau ndi mitengo ina.

Tiyeni tiwerengere limodzi. Munthu wolemera makilogalamu 65 akamanga matumba awiri a chimanga kapena mapira a makilogalamu 50 lililonse, n'kuphatikizapo njinga yolemera pafupifupi makilogalamu 20, magudumu awiriwo asenza makilogalamu 185. Gawo lalikulu la kulemeraku limatsamira pa gudumu lakumbuyo, pakuti kaliyala ali pamwamba pake. Choncho ngati ndalama zikukwanira gudumu limodzi lokha labwino, likhale lakumbuyo.

Tikumbukirenso kuti kuthyoka kwa gudumu kuno si nkhani ya ndalama yokha. Nsomba kapena tomato zikachedwa panjira m'dzuwa la Okutobala zimafika pamsika zitaonongeka. Wodwala amene timamunyamula pa njinga kupita kuchipatala sangadikire. Ndipo tonse tikudziwa kuti kukankha njinga yothyoka mdima ukugwa, m'njira zimene njovu zimadutsa popita kumtsinje, n'kuika moyo pachiswe.

Choyamba: werengani manambala a pa tayala

Mawu akuti "28" kapena "26" amanamiza anthu ambiri, chifukwa magudumu osiyana kukula amatchulidwa ndi dzina limodzi. Muyeso woona umalembedwa m'mbali mwa matayala ambiri ngati manambala awiri olekanitsidwa ndi kamzere. Nambala yoyamba ndi kunenepa kwa tayala, yachiwiri ndi kukula kwa limu, zonse m'mamilimita.

Njinga zathu zakale zija, za mabuleki a ndodo, monga Hero, Phoenix, Humber, ndi Eagle imene inkapangidwa ku fakitale ya Luangwa Industries ku Chipata, kawirikawiri zimavala tayala lolembedwa 40-635. Njinga zampikisano zimavala la 622, monga 25-622, ndipo nalonso ena amalitchula 28. Kusiyana kwake ndi mamilimita 13 okha, koma n'kokwanira kuti tayala la ina lisakhale pa limu ya inzake. Njinga zambiri za matayala onenepa zimene zimabwera m'salaula ndi za 559, zimene timati 26. Palinso za 630 ndi za 590, zimene matayala ake amavuta kupeza. Musanapite kukagula, lembani manambala a pa tayala lanu papepala, kapena nyamulani tayala lakalelo. Ndipo funsani kaye ogulitsa a pa Boma ngati matayala ndi machubu a muyeso umenewo amakhala nawo nthawi zonse.

Chachiwiri: werengani masipoko

Ambiri amaganiza kuti masipoko amachirikiza njinga ngati mizati ya nkhokwe. Zoona zake n'zakuti sipoko iliyonse ndi yokokedwa mwamphamvu, ngati chingwe cha uta. Gudumu likamazungulira, masipoko amene afika pansi amakhwepa pang'ono chifukwa cha kulemera, n'kukungikanso akakwera. Gudumu la 28 limazungulira pafupifupi ka 450 pa kilomita imodzi, kutanthauza kuti pa ulendo wa makilomita 20 sipoko iliyonse imakhwepa ndi kukungika ka 9,000. Masipoko akakhala ochepa, iliyonse imalandira gawo lalikulu la ntchitoyi, imatopa msanga, n'kuduka pamene inapindikira polowa mu habu.

Pa njinga yonyamula katundu, gudumu lakumbuyo likhale ndi masipoko 36 kapena 40. Njinga zakale za ku Britain zinkakhala ndi 32 kutsogolo ndi 40 kumbuyo pa chifukwa chomwechi. Yang'ananinso kunenepa kwake. Sipoko wamba, ya nambala 14, ndi yonenepa mamilimita 2. Ya nambala 13 ndi mamilimita 2.3, ya nambala 12 ndi mamilimita 2.6. Nambala ikamachepa, sipoko imanenepa. Onaninso kuti masipoko apingasana, iliyonse kudutsa inzake katatu isanafike pa limu, pakuti kalukidwe kameneka ndi kamene kamapirira kupalasa ndi katundu. Njinga za Buffalo, zimene bungwe la World Bicycle Relief linabweretsa m'dziko muno, zinatchuka m'midzi chifukwa cha zomwezi: masipoko onenepa, malimu olimba, ndi kaliyala wopangidwira makilogalamu 100.

Chachitatu: limu igwirizane ndi mabuleki

Mabuleki a ndodo amakoka mphira m'mwamba kuti igwire kunsi kwa limu, m'mbali mwa masipoko. Amafuna limu yachitsulo yotambalala, yokhala ndi msana pakati. Mabuleki a waya amapana limu m'mbali, choncho amafuna limu ya mbali zoongoka. Ichi n'chimene chinalepheretsa gudumu la mnzathu uja.

Limu yachitsulo ndi yolemera ndipo imachita dzimbiri, komanso mabuleki amaterereka ikanyowa. Ubwino wake ndi wakuti ikapindika mmisiri amatha kuiwongola. Limu ya aluminiyamu ndi yopepuka, sichita dzimbiri, ndipo mabuleki amagwira bwino pamvula, koma ikang'aluka ntchito yake yatha. Mukasankha ya aluminiyamu, funani ya makoma awiri m'kati, chifukwa ya khoma limodzi imapindika msanga pa katundu wolemera.

Chachinayi: habu ndi vavu

Habu yabwino kwa ife ndi yotseguka ndi sipanala, ya makoni ndi timipira tachitsulo, chifukwa timatha kuitsuka, kusintha timipira ndi kupaka girisi tokha. Gudumu lakumbuyo la njinga yampikisano limakhala ndi habu yotambalala mamilimita 130, yopangidwira magiya ambiri, ndipo sililowa bwino pa fulemu ya njinga ya giya imodzi. Kukanula fulemu mokakamiza kumaipotoza.

Mavavu alipo a mitundu itatu: yakale ya kamphira m'kati imene tinazolowera, yonenepa ngati ya galimoto, ndi yopyapyala ya njinga zampikisano. Bowo la pa limu yampikisano ndi laling'ono, moti machubu ogulitsidwa kuno salowa.

Kuyesa gudumu musanalipire

Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Penti ndi zolembalemba za pa limu sizisenza thumba. Gwirani ekiselo ndi manja awiri, wina azungulitse gudumu. Likayenda mokhotakhota kapena modumpha, ndi lopindika. Mukamva kukhakhala m'manja ngati muli mchenga, makoni kapena timipira tatha. Gwedezani ekiselo m'mbali, isagwedere. Finyani masipoko awiriawiri kuzungulira gudumu lonse, ndi kuwakhwakhwaza ndi chikhadabo: onse a mbali imodzi alire mofanana. Vulani tayala muone m'kati, pakuti dzimbiri limabisala mmenemo. Pa limu ya aluminiyamu yang'anani ming'alu pa mabowo a masipoko, ndi kupapasa pamene mabuleki amagwira. Pakakhala pokumbika, khomalo latha. Wogulitsa wokana kuti muyese zimenezi wakuuzani kale zonse.

Mtengo weniweni

Tiyerekeze kuti pali magudumu awiri, lina la K300 ndi lina la K500. Loyambalo likumadula masipoko mwezi uliwonse ndipo latha pakutha pa chaka. Lachiwirilo latumikira zaka zitatu. Pa zaka zitatuzo woyamba walipira K900, osawerengera masipoko, mmisiri ndi masiku a msika amene anataya. Manambalawa ndi ongoyerekeza, koma kawerengedwe kake ndi kamene timagwiritsa ntchito posankha khasu kapena mbewu.

Nthawi zambiri njira yotsika mtengo koposa si kugula gudumu lathunthu. Ngati habu ikadali yabwino, gulani limu ndi masipoko okha, mmisiri aluke. Onetsetsani kuti mabowo a limu ndi a habu ndi ofanana chiwerengero. Mukayenda nalo sabata imodzi, bwererani kwa mmisiriyo akakungenso masipoko, chifukwa gudumu latsopano limakhwepa likayamba kusenza.

Kusamalira chimene mwagula

Sipoko imodzi ikaduka, isintheni tsiku lomwelo. Mukazengereza, zinzake zoyandikana nazo zimatsatira. Popani tayala mokwanira musanamange katundu, chifukwa tayala lofewa likagunda mwala chubu chimapanika pa limu n'kubooka pawiri. Kutani mitu ya masipoko m'kati mwa limu ndi lamba wodulidwa ku chubu chakale. Poteteza ku minga, ena amadula tayala lakutha n'kuliyala m'kati mwa latsopano. Tsukani habu ndi kupaka girisi mvula isanayambe ndiponso ikatha, makamaka ngati mumaoloka makwawa a mchenga. Imikani njinga pamthunzi, pakuti dzuwa la kuchigwa kuno limang'alula mphira. Pa miyala ndi pa chikwawa, mutanyamula katundu, tsikani mukankhe. Ndipo poti nkhani yathu inayambira pa botolo, tinene poyera kuti palibe gudumu lolimba mokwanira kusunga munthu wopalasa atamwa, kaya ndi vinyo wa ku Cape kaya ndi kachasu wa masau.

Mnzathu uja anatisiyira gudumu lake, ndipo talipachika m'chipinda cha zipangizo kuti ophunzira aziliyerekeza ndi la njinga ya pasukulu. Iye anakagula limu ndi masipoko 36 pa Boma, mmisiri n'kumulukira pa habu yake yakale. Tamva kuti ndi njinga yomweyo imene inanyamula ufa ndi nkhuni za pa ukwati wa mlongo wake.

Zochita ndi zokambirana m'magulu

1. Aliyense alembe manambala a pa matayala a njinga ya kwawo, awerenge masipoko a gudumu lakumbuyo, ndi kutchula mtundu wa mabuleki ndi wa vavu.

2. Werengerani kulemera konse kumene njinga yanu imasenza pa tsiku la msika. Kodi gudumu lakumbuyo likuyenerera katunduyo?

3. Ndi ndalama zingati zimene munaononga pa masipoko, machubu ndi matayala chaka chathachi? Mukadasintha chiyani pogula?

4. Inu amene munamaliza maphunziro, kodi gulu lanu lingagule pamodzi sipanala ya masipoko, pampu ndi girisi, n'kuphunzitsa m'modzi wa inu kuluka gudumu? Tilembereni kapena mutiuze mukabwera, kuti tidzagawireko anzathu m'kalata yotsatira.