Zaka zisanu za kusikelo zili ndi masekondi angati?

Mwana akabadwa, mayi amayenda naye kusikelo mpaka atakwanitsa zaka zisanu. Lero tiziphwanya zaka zimenezi mpaka tifike pa sekondi, kanthawi kaja kamene kamathamanga pa foni mukamayankhula ndi m'bale wanu wa kutauni, mayunitsi akunka natha.

Mphindi imodzi ili ndi masekondi 60. Ola lili ndi mphindi 60, ndiye 60 kuchulukitsa ndi 60 tipeza masekondi 3,600. Tsiku lathunthu, usana ndi usiku womwe, ndi maola 24. Tikachulukitsa 3,600 ndi 24 tipeza 86,400. Nambala iyi ilembeni pachikuto cha kope lanu, tiigwiritsanso ntchito.

Ambiri amaphonya pamasiku. Amangotenga 365 n'kuchulukitsa ndi 5, kuiwala Febuluwale. Dziko limatha masiku 365 ndi maola pafupifupi 6 kuti lizungulire dzuwa. Maola otsalawo amaunjikana, ndipo pa zaka zinayi amakwana tsiku lathunthu. N'chifukwa chake Febuluwale wa 2024 anali ndi masiku 29, ndipo wa 2028 adzatero. Mwana wobadwa pa 1 Januwale 2021 amakwanitsa zaka zisanu pa 1 Januwale 2026, atadutsa masiku 1,826, osati 1,825. Chulukitsani 1,826 ndi 86,400. Yankho ndi masekondi 157,766,400. Mukamalemba nambala yaitali chonchi, yambirani kumanja, muziika kamchira pakatha manambala atatu alionse. Ziro mmodzi akasowa, mamiliyoni 157 asanduka mamiliyoni 15 okha. Chizolowezi chowerenga maziro chidzakuthandizaninso pa buku la banki mkhonde.

Sekondi nayonso imagawika. Kuyambira mu 1967, akatswiri amayeza sekondi ndi kuwala kochokera ku atomu ya caesium, kumene kumanjenjemera ka 9,192,631,770 pa sekondi imodzi. Palinso kanthawi kochepetsetsa kotchedwa dzina la Max Planck, katswiri wa ku Germany amene anakawerengera mu 1899. Pokalemba m'masekondi, mumayamba ndi maziro 43 pambuyo pa kadontho. Palibe wotchi imene imakayeza.

Ife masekondi 60 aja ndiwo amatigwira kwambiri. Mwana akamatsokomola, alangizi a zaumoyo amamuvula malaya, n'kudikira akhale phee pamiyendo pa mayi ake. Kenako amayang'ana pachifuwa ndi kuwerenga kupuma kwake kwa mphindi yathunthu. Mwana wa miyezi 2 mpaka 11 akapuma ka 50 kapena kuposa, kupumako n'kothamanga. Wa chaka chimodzi mpaka zaka zisanu, malire ake ndi ka 40. Kupuma kothamanga chonchi kukhoza kukhala chizindikiro cha chibayo.

Nanunso mungathe kuwerenga chimodzimodzi kunyumba ndi wotchi ya pa foni. Musawerenge mwana akulira kapena akuyamwa, ndipo musalekezere pa masekondi 30 n'kuchulukitsa kawiri, chifukwa mwana wamng'ono amapuma mofulumira kenako pang'onopang'ono. Mukapeza kuti wafika pa malire aja, kapena chifuwa chikulowa mkati akamakoka mpweya, pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo, musadikire tsiku la sikelo.