Kutentha Thupi ndi Kuundana kwa Magazi: Uthenga kwa Mabanja a ku Makanjira

Kodi m'thupi mumachitika chiyani munthu akadwala?

Tizilombo toyambitsa malungo, chibayo kapena kutukusira kwa bala tikalowa m'thupi, chitetezo cha thupi chimadzuka msangamsanga. Thupi limatentha, wodwala amanjenjemera, amafooka, nsima osaifunanso. Chiwindi nacho chimachulukitsa mapuloteni othandiza pa nkhondoyi. Ina mwa iwo ndi CRP, imene madokotala amayeza m'magazi pofuna kudziwa kukula kwa kutupa kwa m'thupi. Ina ndi fibrinogen, imene imasanduka timaulusi tolukana ngati ukonde wa asodzi, n'kukola maselo a magazi kuti bala lisiye kukha magazi.

Pabala, zimenezi n'zopulumutsa moyo. Koma matenda akakula, magazi amayamba kuundana m'kati mwa mitsempha ing'onoing'ono momwe mulibe bala, n'kutsekereza njira yopita ku ubongo, impso kapena mapapo. Zoundanitsa magazizo zikatha, wodwala yemweyo amayambanso kutaya magazi.

Zimene kafukufuku wa kuno ku Malawi anapeza

Pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, madokotala Terrie Taylor ndi Malcolm Molyneux anayamba kufufuza za malungo a m'bongo mwa ana m'zaka za m'ma 1980. M'chaka cha 2013, Christopher Moxon ndi anzake anaonetsa kuti maselo ofiira okhala ndi tizilombo ta malungo akamatirira m'mitsempha ya mu ubongo, puloteni yoletsa magazi kuundana mopyola muyezo imachepa pamalopo, ndipo timibulu ta magazi oundana timapangika. Mu 2015, makina ojambula ubongo a MRI pa chipatala chomwecho anaonetsa kuti ana ambiri omwalira ndi malungowa amakhala atatupa ubongo kwambiri.

Phunziro lake ndi lakuti malungo akalekereredwa amaononga mitsempha ya magazi. Mankhwala akayambidwa msanga, tizilombo timafa tisanafike pamenepo.

Thamangirani kuchipatala mukaona izi

- Mwana akukomoka, akuchita linjirinjiri kapena sakudzuka bwinobwino
- Akukana kuyamwa kapena kumwa, akusanza chilichonse
- Akupuma mobanika kapena mofulumira
- M'manja ndi m'zikope mwayera
- Magazi akutuluka m'mphuno kapena m'nkhama, kapena pakhungu pali timadontho tofiirira
- Mkodzo wada kwambiri kapena wachepa

Amayi oyembekezera ndi ongobereka kumene

Pa nthawi ya pakati mpaka masabata 6 mayi atachira, magazi ake sachedwa kuundana. Mwendo umodzi ukatupa, kutentha ndi kupweteka, musausisite ndipo musatemere mphini. Magazi oundanawo akhoza kuchoka pamalopo n'kukatseka mitsempha ya m'mapapo. Mayi akabanika mwadzidzidzi, akamva kupweteka pachifuwa, akatentha thupi kapena akamataya magazi ambiri, apite kuchipatala nthawi yomweyo, ngakhale usiku.

Zoyenera kuchita pakhomo

1. Aliyense wotentha thupi akayezetse malungo pasanathe maola 24. Ana osakwana zaka 5 angathe kuonedwa ndi mlangizi wa zaumoyo kumudzi komweko.
2. Mwapatsidwa mankhwala a malungo a LA? Imwani m'mawa ndi madzulo masiku onse atatu, ngakhale mutapezako bwino.
3. Pochepetsa kutentha, perekani panado pa mlingo umene achipatala anena. Ana musawapatse asipirini. Wamkulu amene akutaya magazi asamwenso asipirini, chifukwa amalepheretsa magazi kuundana.
4. Wodwala azimwa madzi aukhondo pafupipafupi, ndipo wamkulu amene angathe aziyendako pang'ono, osangogona tsiku lonse.
5. Bala la mbedza, chikwanje kapena khasu litsukidwe ndi madzi aukhondo ndi sopo. Likatupa kapena kuchita mafinya, pitani nalo kuchipatala.
6. Gonani m'masikito usiku uliwonse, chaka chonse. Ana alandire katemera wa malungo, amene anayamba kuperekedwa m'dziko muno mu 2019. Funsani kusikelo.

Kumbukirani mtunda

Kuchoka ku Makanjira kukafika kuchipatala chachikulu cha boma ku Mangochi ndi ulendo wautali, ndipo nyengo ya mvula mayendedwe amavuta kwambiri. Wodwala akafika mochedwa pachipatala cha Makanjira, nthawi yomutumizira ku boma imakhala itachepa kale. Bambo, mayi, agogo, gwirizanani lero za mayendedwe, sungani kandalama kapadera, ndipo mwana akatentha thupi musadikire kuti kuche kawiri.