Phunziro la Zaumoyo: Tisamale Khungu Lathu m'Nyengo Yothyola Tiyi

Amayi anzathu, kuyambira Disembala mpaka Epulo tiyi amaphuka kwambiri m'maesiteti a kuno ku Thyolo, monga Satemwa, Naming'omba ndi Makandi. Ambiri a ife timalowa m'munda mame asanakamuke, dengu kumsana, ndipo timaweruka zovala zili chinyowere. Chinyezi chimenechi chimapatsa mpata matenda a pakhungu.

Tizilomboti tili nato kale

Pakhungu la munthu aliyense, ngakhale wosamba bwino, pamakhala tizilombo tosaoneka ndi maso. Mwachitsanzo, pafupifupi anthu 30 mwa 100 alionse ali ndi bakiteriya wotchedwa Staphylococcus aureus m'mphuno mwawo, koma sadwala. Khungu lili ngati mpanda. Tikakalidwa ndi nthambi za tiyi, tikakanda polumidwa ndi udzudzu, kapena khungu likafewa ndi madzi, mpandawo umagumuka ndipo tizilombo timalowa. Choncho tisamuseke mnzathu kuti ndi wauve, kapena kuganiza kuti walodzedwa.

Timazindikira bwanji?

Bakiteriya uja amayambitsa zithupsa, ndiponso zilonda za nkhanambo zachikasu zomwe ana amatuluka kukamwa ndi m'mphuno. Kachilombo kena kotchedwa Candida kamakonda malo ofunda ndi onyowa: pansi pa mabere, m'khwapa ndi m'mphechepeche. Pamenepo pamafiira ndi kuyabwa. Ovala majombo tsiku lonse, khungu limayera ndi kung'ambika m'mipata ya zala za kumapazi.

Tichite chiyani?

1. Tikaweruka tisambe ndi sopo, tipukute bwino m'mipata ya zala ndi pansi pa mabere.
2. Tiyanike majombo ndi zovala zantchito, tisazivale zonyowa m'mawa mwake.
3. Bala laling'ono tilitsuke tsiku lomwelo ndi kulimanga ndi kansalu koyera.
4. Tisafinye chithupsa, makamaka cha kumaso. Tiziikapo kansalu konyika m'madzi ofunda.
5. Tisabwerekane malezala kapena nsalu zopukutira, ndipo ana tiziwawenga zikhadabo.
6. Tipewe mafuta oyeretsa khungu. Ambiri ali ndi mankhwala omwe amachepetsa kuyabwa kwa masiku ochepa pamene matendawo akufalikira.

Nthawi yopita kuchipatala

Malo oyabwa aja amapola ndi mankhwala opaka monga clotrimazole, tikawapaka mpaka masiku omwe adokotala anena atakwana. Koma mwendo ukatupa, kutentha ndi kufiira, munthu n'kumamva malungo, tisadikire tsiku lamalipiro. Tipite tsiku lomwelo kuchipatala cha paesiteti, ku Malamulo kapena kuchipatala cha boma ku Thyolo, chifukwa tizilombo tikalowa m'magazi munthu angathe kufa. Matendawa akamabwerabwera, tikayezetse shuga ndi HIV, poti zonsezi zimafooketsa chitetezo cha m'thupi.

Mafunso okambirana

1. N'chiyani chimatilepheretsa kupita kuchipatala msanga m'nyengo yothyola tiyi?
2. Ndani pagulu lathu angamusamalire ana mayi wotupa mwendo kuti apite kuchipatala?
3. Timuuze bwanji mwaulemu mnzathu amene akudzola mafuta oyeretsa khungu?