PHUNZIRO: CHIMENE CHIMACHITIKA M'THUPI BALA LA MOTO LIKALOWA TIZILOMBO

Cholinga cha phunziroli

Pakutha pa phunziroli tidziwe chifukwa chimene munthu amene wapsa amatha kudwala kwambiri patapita masiku, ngakhale bala lake lili laling'ono. Tidziwenso zizindikiro zoopsa ndi zoyenera kuchita pakhomo ndi m'mudzi mwathu.

Tiyambe ndi kuona

Tiyerekeze kuti ndi mwezi wa Juni, kunja kukuzizira. Mwana wa zaka ziwiri akuotha moto pamene amayi ake akuphika phala. Wagunda mphika ndipo phala lamutayikira pachifuwa. Bala si lalikulu. Anthu a pakhomo apakapo dzira laliwisi, wina wabwera ndi mankhwala otsukira mano, wina wawazapo ufa wa kapisozi wogula pamsika. Tsiku lachiwiri mwana akusewera. Tsiku lachitatu watentha thupi, akusanza, akutsegula m'mimba ndipo akungogona. Ena ayamba kunena kuti ndi malungo, ena akuti pali dzanja la munthu.

Abale ndi alongo, zoterezi zimachitika. Bungwe la World Health Organization limati chaka chilichonse anthu pafupifupi 180,000 amafa chifukwa cha kupsa pa dziko lonse, ndipo ambiri mwa iwo ndi a m'maiko osauka. Kwathu kuno amene amapsa kawirikawiri ndi ana aang'ono, ndiponso anthu odwala khunyu amene amagwera pamoto. Ambiri mwa amene amafera m'chipatala safa tsiku la ngoziyo. Amafa pambuyo pake, bala litalowa tizilombo.

Khungu ndi mpanda wa thupi

Khungu lili ngati mpanda wa pakhomo. Limatsekera kunja tizilombo tosaoneka ndi maso totchedwa mabakiteriya, ndipo limasunga madzi a m'thupi. Moto ukatentha khungu, mpandawo wagwa. Pabalapo pamatsala mnofu wakufa, wofunda ndi wonyowa, umene ndi chakudya chabwino cha mabakiteriya. Mu mnofu wakufawo simuyendanso magazi, choncho asilikali a m'thupi ndi mankhwala akumwa safika bwino pamenepo.

Mabakiteriya amene amavutitsa kwambiri mabala a moto alipo awiri. Woyamba ndi Staphylococcus aureus. Ameneyu amakhala pakhungu ndi m'mphuno mwa anthu ambiri athanzi, ndipo amalowa m'bala m'masiku oyambirira. Wachiwiri ndi Pseudomonas aeruginosa, amene amakonda malo a chinyontho, madzi okhalitsa ndi nsalu zonyowa. Iye nthawi zambiri amabwera mochedwerapo, ndipo amadziwika ndi mafinya obiriwira amene amadetsa bandeji.

Alonda a m'thupi ndi mfuu wao

M'magazi ndi m'minofu mwathu muli maselo oyera amene ntchito yao ndi kutiteteza. Ena mwa iwo a chipatala amawatcha macrophage, dzina lochokera ku Chigiriki lotanthauza wakudya kwambiri, chifukwa amameza tizilombo. Amenewa ali ngati alonda a usiku.

Mabakiteriya ali ndi poizoni. Wina amakhala m'chikopa cha bakiteriya mwiniwakeyo, monga mwa Pseudomonas, ndipo amatchedwa endotoxin kapena LPS. Wina bakiteriya amachita kumutulutsa ali moyo. Pa mlonda uja pali kachiwalo kakang'ono kotchedwa TLR4 kamene kamazindikira LPS, monga galu amazindikirira fungo la mlendo. Amene anatulukira zimenezi ndi gulu la Bruce Beutler wa ku America mu 1998, ndipo iye analandira mphoto ya Nobel mu 2011.

Mlonda akamva poizoniyu amakuwa. Mfuu wakewo ndi timadzi ta uthenga totchedwa cytokine, monga TNF, IL-1 ndi IL-6. Uthengawu ukamveka, mitsempha ya magazi ya pafupi ndi bala imakula ndi kumasuka. N'chifukwa chake pabala pamafiira ndi kutentha. Madzi ndi maselo oyera ena amatuluka m'mitsempha kuthamangira pabala, ndipo pamatupa ndi kupweteka. Mafinya amene timaona ndi maselo oyera amene afera pankhondoyo pamodzi ndi mabakiteriya ndi mnofu wakufa. Uthenga wina umafika ku ubongo, umene umakweza kutentha kwa thupi kupitirira madigiri 37 a masiku onse.

Zonsezi ndi zabwino zikachitikira pabala pokha. Thupi likudziteteza.

Pamene chitetezo chasanduka ngozi

Tonse timadziwa zimene zimachitika anyamata akatentha tchire pofuna mbewa tsiku la mphepo. Moto umene unali wa pauna umodzi umamaliza munda, nkhokwe ngakhale nyumba. M'thupi zimateronso. Mabakiteriya akachuluka, iwo kapena poizoni wao amalowa m'magazi. Alonda a thupi lonse amakuwa nthawi imodzi, ndipo mitsempha ya thupi lonse imamasuka ndi kudontha madzi. Magazi amasiya kuthamanga ndi mphamvu. Mtima umagunda msangamsanga, munthu amapuma mwawefuwefu, impso zimasowa magazi ndipo mkodzo umachepa. Ubongo ukasowa magazi munthu amasokonezeka kapena kungogona. Matendawa a chipatala amawatcha sepsis. Chimene chikuononga ziwalo pamenepa ndi poizoni uja pamodzi ndi ukali wa chitetezo cha thupi lomwelo.

Mitundu ina ya Staphylococcus imatulutsa poizoni wotchedwa TSST-1. Pa nthawi zonse kachilombo kakalowa, amene amadzuka ndi maselo ochepa okha a mtundu wotchedwa T amene akukadziwa kachilomboko. Koma poizoni ameneyu amadzutsa chikhamu cha maselo a T nthawi imodzi mosasankha. Zotsatira zake ndi matenda otchedwa toxic shock syndrome, amene dokotala James Todd ndi anzake anawafotokoza koyamba mu 1978 atawaona mwa ana ku America. Ana aang'ono ndiwo ali pangozi yaikulu chifukwa matupi ao sanapange zodzitetezera ku poizoniyu. Matendawa amatha kubwera m'masiku awiri mpaka anayi chipsereni, ngakhale bala lili laling'ono ndiponso likuoneka loyera. Izi n'zimene zinamuchitikira mwana wa m'chitsanzo chathu chija. Si ufiti ai.

Palinso kafumbata. Bakiteriya wake amakhala m'dothi ndi m'ndowe, ndipo poizoni wake amagwira misempha nkuumitsa thupi. Amene amapaka ndowe kapena matope pabala akuitana yekha matendawa.

Zoyenera kuchita munthu akapsa

1. Thirani madzi oyera ozizira pabala kwa mphindi 20. Musaike ayezi. Kwina konse kwa thupi mufunditseni, makamaka ngati ndi mwana.
2. Chotsani mphete, zibangili ndi zovala pasanatupe. Nsalu yomatirira pabala musaikoke.
3. Musaboole matuza. Khungu la thuza likutchinga tizilombo.
4. Musapake dzira, ufa, mafuta, mchere, mankhwala otsukira mano, ndowe, dothi kapena zitsamba. Makapisozi a pamsika sachiza bala la moto, ndipo kuwagwiritsa ntchito mwachisawawa kumachititsa kuti mabakiteriya asamamvenso mankhwala.
5. Sambani m'manja ndi sopo, ndipo phimbani bala ndi nsalu yochapa bwino, youma ndi yosita.
6. Pitani kuchipatala tsiku lomwelo ngati wapsayo ndi mwana kapena nkhalamba, ngati bala laposa chikhatho cha mwini wake, ngati lili kumaso, m'manja, kumapazi, molumikizira mafupa kapena kumaliseche, ndiponso ngati laoneka loyera kapena lakuda koma silikupweteka. Bala losapweteka ndiye kuti lalowa kwambiri. Funsaninso za katemera wa kafumbata.
7. Mpatseni wodwala zakumwa zambiri ndi zakudya zomanga thupi monga nyemba, mtedza, usipa ndi mazira. Dzira limathandiza m'mimba, osati pabala. Mwana woyamwa apitirize kuyamwa.

Zizindikiro zoti musadikire kuti kuche

Kutentha thupi kwambiri kapena kuzizira thupi modabwitsa, kusanza ndi kutsegula m'mimba, zidzolo pathupi, kukana kudya kapena kuyamwa, kugona kosadzuka msanga, kupuma mofulumira, mkodzo wochepa, bala lonunkha, la mafinya obiriwira, kapena kufiira ndi kutupa kumene kukufalikira. Mukaona chimodzi mwa izi nyamukani nthawi yomweyo, ndipo kawauzeni a chipatala tsiku limene munthuyo anapsa. Kumeneko amamuika madzi a m'botolo, amampatsa mankhwala opha mabakiteriya ndi kuchotsa mnofu wakufa. Opsa kwambiri amatumizidwa ku zipatala zazikulu monga Queen Elizabeth ku Blantyre ndi Kamuzu Central ku Lilongwe, kumene kuli zipinda zapadera za anthu opsa. Ngati mukukayika, funsani mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu. Paja safunsa anadya phula.

Mafunso okambirana m'miphakati

1. Kodi kwathu kuno anthu amapaka chiyani pabala la moto? Malinga ndi phunziroli, zimenezi zili ndi vuto lanji?
2. Fotokozani m'mau anuanu chifukwa chimene mwana wa bala laling'ono angathe kudwala thupi lonse.
3. Khunyu sipatsirana pomgwira wodwala. Nanga n'chifukwa chiyani ena amaopa kumchotsa pamoto mnzao akagwa? Tingawathandize bwanji?
4. Mwana atadwala usiku m'mudzi mwathu, ndani ali ndi njinga kapena ngolo? Ndalama ya ulendo ingachokere kuti?

Ntchito ya sabata ino

Banja lililonse lione pamene pali mafuwa kapena mbaula yake, ndipo likonze motchingira ana. Lisungenso nsalu imodzi yochapa ndi yosita m'pepala la pulasitiki loyera. Pa msonkhano wotsatira aliyense adzafotokoze zimene wachita.