BAUTI IKADUKIRA M'INJINI

Mlimi amene ali ndi galimoto yonyamulira tomato kupita ku msika wa Soweto ku Lusaka, ndiponso mwini cigayo ca dizilo kumudzi, onse aŵiri adzakomana nalo bvuto ili tsiku lina. Munthu akoka sipanala mwamphamvu, mutu wa bauti uduka, ndipo cotsalaco cikanirira m'kati mwa injini. Kaŵirikaŵiri zimacitika pa mabauti ogwira paipi ya utsi, cifukwa malowo amatentha ndi kuzizira tsiku ndi tsiku. Dzimbiri limakula kuposa citsulo cimene ladya, motero limadzaza mazinga ndi kumanga bauti zolimba. Ngati mutu wa injini uli wa aluminiyamu, zitsulo ziŵirizo zimadyana pakafika cinyezi, ndipo kugwiranako kumanyanya.

Coyamba, tsekani mabowo onse a injini ndi nsanza yoyera kuti tizitsulo tisagweremo. Palani dzimbiri, thirani mafuta omasulira kapena parafini, ndipo muisiye igone usiku wonse. M'maŵa igogodeni pang'ono-pang'ono ndi hamala. Ngati kacidutswa katulukira kunja, kagwireni ndi pulayala yotsekera. Pindani pang'ono ngati mukumanga, kenaka bwezani, kubwereza-bwereza kufikira itayamba kuyenda. Ambiri amalephera pano cifukwa ca changu cabe.

Ikakana, njira imene tiiona yoposa zonse ndiyo ya amisiri oocherera zitsulo, onga aja a ku Kalingalinga m'mbali mwa mseu wa Alick Nkhata, kapena a m'magalaji a ku Kanyama ndi Chawama. Iwo amaika nati pamwamba pa bauti yodukayo, naocherera m'kati mwa natiyo kufikira ziŵirizo zitakhala cinthu cimodzi. Kutenthako kumaswa dzimbiri, ndipo bauti imapeza mutu watsopano wogwira sipanala. Citsulo coochereraco sicigwira pa aluminiyamu. Dikirani kuti pazizire musanapinde. Nati ikathyoka, aikenso yina. Si cacilendo kuyesa katatu. Koma mmisiri asanayatse makina ake, muonetsetse kuti waya wa batire wacotsedwa, ndi kuti pafupi palibe petulo. Cenjeraninso ndi laŵi la moto pa aluminiyamu, pakuti amasungunuka pa madigiri 660, ndipo safiira kukucenjezani monga cicitira citsulo.

Bauti ikadukira pansi peni-peni, cotsala ndi kuboola. Khomani cizindikilo pakati-kati ndi panchi, pakuti bowo likapendeka lidzadya mazinga a injini. Yambani ndi coboolera cacing'ono ca mamilimita 3, muciongole bwino, ndipo muzithira mafuta. Ziliponso zoboolera zozungulira cakumanzere, zimene nthawi zina zimaturutsa bauti pamene zikuboola.

M'masitolo amagulitsa kacitsulo kochedwa extractor, kolowetsa m'bowomo ndi kupinda cakumanzere. Ife sitikakhulupirira kwambiri pa bauti ya dzimbiri. Nkolimba koma kosacedwa kuthyoka, ndipo kakathyokera m'kati coboolera wamba sicingakadye; nchito ya tsiku limodzi isanduka yocotsa mutu wonse wa injini ndi kupita nao kwa amakina, tomato ali kuola m'mabokosi. Nkwabwino kukuza bowo pang'ono-pang'ono. Pa bauti ya mamilimita 8, imene pa magalimoto a ku Japan imamasulidwa ndi sipanala 12, lekezani pa 6.8, tolani zotsalira ndi kawaya kosongoka, ndipo yeretsani mazinga ndi tapu ya 8 x 1.25. Mazinga akaonongeka, amakanika amakuza bowo naikamo kawaya kopota kochedwa Helicoil, ndipo bauti ya msinkhu womwewo imagwiranso.

Pomanga bauti yatsopano, pakani girisi wa kopa pa mazinga, iloŵetseni ndi zala coyamba, ndipo musaonjezere paipi pa sipanala. Bauti ya mamilimita 8 imakhuta ndi mphamvu ya dzanja limodzi.